Mwendo wa Mbuzi pa Chinkhoswe cha Esita

Fungo la nyama yoyamba kuwola silifanana ndi la nsomba yowola. Limatsekemera pang'ono, n'kukakamira kukhosi. Ndinalidziwa ndili mwana kwathu ku Cobue, nyengo ya mwera imene mlongo wanga Esita ankayembekezera chinkhoswe.

Abale a mwamuna anali a ku Likoma, anthu amene ankati ife a tsidya lino sitidziwa kulandira mlendo. Esita ankaopa kuti akachoka akunyoza, ukwati suchitika. Atate anapha mbuzi ya amayi, imene anapatsidwa ndi abale awo ku Maniamba, n'kuigawa bwinobwino: nthiti za ankhoswe, msana wa azimayi, mwendo wathunthu wa atsibweni ake a mwamuna. M'mawa mwake mwera unawuka, ndipo boti la alendo silinaoneke.

Jelera, firiji ija, kunalibe, choncho nyama inayenera kuwambidwa. Amayi anadula msana ndi nthiti m'mizere yopyapyala, n'kuthira mchere. Atagwira mwendo, atate anawaletsa.

"Amake Esita, mlendo wamkulu mum'patse zingwe ngati tikumanga ukonde?"

"Mbuzi si kampango, atate ake. Utsi sufika pa fupa."

Atate anali msodzi. Anauika mwendowo pa waya wowambira nsomba, wonona ndi mafuta akale, n'kusonkha moto waukali monga ankachitira ndi kampango. Kunja unada n'kuwala, iwo n'kunena kuti wapsa.

Mwera unapitirira. Mchenga unkalowa m'maso ndi m'zakudya, mabwato ali gone pagombe. Mwendo unapachikidwa kudenga la khitchini, ndipo ntchentche zobiriwira zinaupeza. Unayamba kudontha madzi ofiirira pa phulusa. Zovala zathu zonse zinanunkha, ngakhale malaya anga a ku tchalitchi. Amayi ankangosesa.

Tsiku limene alendo anafika, atate analowetsa mpeni mpaka pa fupa. M'kati munali motuwa, moterera ngati mamina, mphutsi zikutuluka zonenepa n'kugwera pa mkeka. Esita anathawira kuseri kwa nyumba. Ine ndinasanza pomwepo.

Amayi anaphika mizere yawo ija ndi tomato, n'kuigawa pang'onopang'ono m'mbale zambiri kuti ioneke yochuluka. Ife a pakhomo sitinalawe. Atsibweni aja anatafuna, n'kufunsa moseka ngati mbuzi za ku Mozambique zimabadwa zopanda miyendo. Anthu anaseka, atate nawonso, ndipo tsiku la ukwati linatchulidwa.

Alendo atapita, atate sanataye mwendowo. Anaupala, kuutsuka ndi mandimu, n'kuuphika okha mu chitini panja. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kudya pang'onopang'ono, mafuta otuwa akutsikira m'ndevu. Anadwala m'mimba mpaka Lamulungu sanapite ku Misa. Amayi ndiwo ankawatsukira ndowa.

Ine ndinaona ngati ndi umbombo wa fisi, ndipo nyengo yonseyo sindinafune kumwera m'kapu yawo. Mseru umenewo sunandichoke, ndipo sindinganene kuti anachita bwino. Koma ndakhala ndi mkazi mpaka kumuika m'manda, ndipo ndikudziwa kulemera kwa mawu akuti pepani pakamwa pa mwamuna. Atate analephera kuwatchula. Anasankha kumeza mphutsi amayi akuona.