Tsiku Limene Anayeza Mapazi a Agogo

Ndinali mwana wosayankhulayankhula. Bambo anga anatsogola ndili wakhanda, mayi anawatsatira ndisanayambe sukulu, ndipo amene anatsala nane m'nyumba yathu ku Domasi anali agogo, mayi awo a mayi anga. Anthu ankandifunsa zinthu ine n'kumangowayang'ana, mpaka ena anayamba kunena kuti maliro anandimeza mawu. Agogo sanalimbane nane. Anasiya kundifunsa ndi pakamwa, anayamba kumangondigwira dzanja. Tikamapita ku msika wa Songani, galu kapena munthu woledzera akatulukira kutsogolo, zala zanga zinkafinya zokha, iwo n'kuwolokera tsidya lina la msewu osandifunsa kanthu. M'tchalitchi ankadziwa kuti ndatopa kapena kuti mkodzo wandigwira ndisanagwedezeke n'komwe. Ankakonda kunena kuti pakamwa panga m'potseka koma dzanja langa ndi lolongolola kuposa amayi a pachitsime.

Chimene chinkatidyetsa chinali puloti ya mpunga kumunsi kwa mtsinje. Agogo ankalowa m'madzimo opanda nsapato, chitenje atachikwinyira m'mawondo, ndipo powokera ankasiya m'mbuyo amayi amene akanatha kukhala ana awo. Ankati matope amawafunsa ndi phazi: akaponda amadziwa ngati apsa bwino kuti mbande igwire, kapena ngati pansi pakadali chibuma cholimba.

Ndili ku sekondale ndinayamba kuona zinthu zina. Tsiku lina tikuchokera ku chigayo, silipasi yawo imodzi inavuka n'kutsala pamsewu, iwo n'kupitiriza ulendo phazi limodzi lili pansi, osadziwa. Ndinabwerera kukaitola, ndipo ataiona m'manja mwanga anaseka kuseka kosachokera mumtima. Patapita nthawi ndinapeza timadontho ta magazi pakhonde, tolondolozana mpaka kuchipinda. Anali ataponda chigoba cha nkhono kumunda, ndipo chinawacheka chidendene osamva. Nditawaonetsa anati mapazi awo amangochita dzanzi ngati munthu wakhalira mwendo, ndi ukalamba, ndipo nkhaniyi isatuluke pakhomo.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Amalume anga, mwana wawo yekhayo wotsala, amene ankagwira ntchito ku Blantyre, anali atanena kale kuti tsiku limene agogo adzalephere kulowa m'munda adzabwera kudzawatenga, puloti n'kuibwereketsa kwa ena. Sankanena mwankhanza. Koma nyumba yawo ya lendi inali yodzaza kale ndi ana awo, ndipo za ine ankati tidzaona, mwina kwa achibale a bambo anga amene sindinkawadziwa n'komwe nkhope. Agogo ankabisa mapazi awo kuti asandisiye.

Anthu a kafukufuku anabwera m'nyengo ya tchuthi, mpunga titakolola. Anatilengezera m'tchalitchi kuti okalamba onse ofuna apite ku sukulu ya pulayimale. Anati akufuna kudziwa chifukwa chake okalamba ambiri amadandaula kuti mapazi akuwotcha kapena achita dzanzi, ndiponso ngati zimenezi zikugwirizana ndi matenda a shuga kapena zina. Ananeneratu kuti sanabwere ndi mankhwala, koma amene amupeze ndi vuto amuuza, n'kumulozera ku chipatala. Agogo sankafuna kupita. Koma anzawo onse a m'chigwirizano cha amayi anali kupita, ndipo kutsala okha kukanayambitsa mafunso. Anasamba, anadzola mafuta mpaka mapazi kung'anima, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze.

M'kalasimo anali atakankhira mabenchi kukhoma, n'kusiya limodzi pakati atayalapo nsalu yoyera. Munali mayi wina amene ankafunsa mafunso, ndi mnyamata wamtali wovala magolovesi amene ankayeza. Mayiyo anafotokoza zonse pang'onopang'ono, n'kunena kuti agogo akhoza kukana nthawi ina iliyonse. Agogo anavomera. Atauzidwa kuti agone chagada n'kuvula nsapato, anamuyang'ana mnyamata uja kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Amuna anga, mwachedwa. Mapazi awa anali okongola kale, anyamata ankachita kuphonya njira."

"Nanga osandidikira bwanji, agogo? Ine ndinali ndikubwera."

"Mkazi mnzangayu akhale pompano, aone kuti simukundiba."

Onse anaseka, ndipo anandilola kukhala pambali pa benchi. Agogo anatambasula mkono n'kundigwira dzanja, monga ankachitira nthawi zonse, moti palibe amene anaganizapo kanthu. Inenso sindinaganizepo kanthu.

Mnyamatayo anatulutsa kaulusi kolimba, konga ka mbedza, kolumikiza ku kachogwirira. Anayamba wawakhudza nako pamkono kuti adziwe mmene kamamvekera. Kenako anati atseke maso, ndipo akamva kuti wawakhudza kuphazi anene kuti eya. Ine maso anga anali pa kaulusiko. Anakakanikiza pansi pa chala chachikulu mpaka kanapindika, agogo n'kunena kuti eya. Anasunthira pena, eya. Anadikira kanthawi kuti awasokoneze, n'kukhudzanso, eya. Mtima wanga unayamba kupepuka. Ndinaganiza kuti mwina silipasi ija inangovuka monga zimavukira kwa aliyense.

Kenako ndinaona kuti chala chawo chachikulu cha kudzanja chagona pamwamba pa zala zanga mwatcheru, monga chinkagonera pa msewu wa Songani. Ndinazindikira kuti kaulusi kaja kakapindika, zala zanga zimafinya zokha. Sindinafune kukhulupirira. Mnyamatayo atanyamula kaulusi m'mwamba, kasanafike paliponse, ndinafinya dala pang'ono.

"Eya," anatero agogo.

Mnyamatayo anangomwetulira, nati agogo asafulumire, mwamuna wawo sanawakhudze. Iye anaona ngati angolota. Koma ine ndinadziwa kuti phazi limene anali atatsala pang'ono kulemba kuti lili bwino silinamve kanthu chiyambire. Chimene chinkamva chinali dzanja langa.

Za mayi anga ndimakumbukira zochepa, koma chimodzi ndimachikumbukira bwino. Anthu akabwera kudzawaona ankadzuka pamphasa, n'kumanga mpango, n'kunena kuti akupezako bwino, alendo akachoka n'kugwanso. Anapita ku chipatala atawanyamula pa njinga, osathanso kukhala okha. Zimenezo n'zimene zinandibwerera pamene ndinali kuyang'ana chidendene chija chimene chinachekedwa ndi nkhono. Ndinasolola dzanja langa pang'onopang'ono, n'kuika manja onse awiri pamiyendo panga. Ndinamuuza mnyamatayo kuti ayambirenso. Anandiyang'ana, anayang'ana dzanja la agogo limene linatsala lotambasuka pabenchi, ndipo sanafunse chifukwa chake.

Anayambiranso. Kaulusi kanapindika pansi pa chala chachikulu, agogo ali chete. Kanapindika pansi pa zala zina, pakati pa phazi, kuphazi linalo, ali chete. Zala zawo zinkapapasa pansalu paja kundifunafuna. Panja ana ankasewera mpira, ndipo ndinkamva phokoso lawo ngati likuchokera kutali kwambiri. Mpaka pamene anakwera kupitirira kakolo m'pamene agogo anati eya, ndi mawu ang'ono amene sindinawamvepo chibadwire. Kenako anamenya kachitsulo ka mphanda kamene kamanjenjemera, n'kukaika pa fupa la chala. Anafunsa ngati akumva kunjenjemera. Agogo anapukusa mutu, maso ali chitsekere ngakhale anali atauzidwa kale kuti akhoza kutsegula.

Atawabaya chala anapeza shuga wokwera, ndipo anati apite ku chipatala akayezedwenso bwinobwino. Mnyamatayo atatanyula zala za kuphazi lamanzere anapeza kabala kobisika, kotuwa m'mbali, katayamba kutulutsa mafinya. Mayi uja anakhala pansi pafupi ndi agogo n'kufotokoza kuti m'thupi muli mitsempha imene imanyamula uthenga kuchoka kukhungu kupita ku ubongo, ndipo ya kumapazi ndiyo yaitali kwambiri, n'chifukwa chake imayamba ndiyo kufooka. Agogo anafunsa ngati kumva kudzabwerere. Mayiyo sananame. Anati kawirikawiri sikubwerera, ndipo mwa zina n'zimene kafukufukuyo akufuna kumvetsa. Koma mapaziwo akhoza kupulumuka ngati shuga atsitsidwa, ngati asiya kuyenda opanda nsapato ndi kukhalitsa m'madzi, ndiponso ngati pali maso owayang'ana tsiku ndi tsiku, chifukwa bala limene mwini wake salimva ndi limene limadulitsa mwendo. Anandionetsa moyang'anira: pakati pa zala, pansi pa phazi, kuchidendene, ndi m'kati mwa nsapato asanavale.

Pobwerera agogo anayenda patsogolo, manja onse awiri atagwira chitenje. Titafika pa kamlatho anaima osacheuka.

"Iwe, wandipereka kwa amalume ako. Ukadziwa wekha kumene ukagone."

Panalibe chimene ndikananena chimene dzanja langa linali lisananene kale.

Ku chipatala anapita, chifukwa anzawo anali atamva kale ndipo sakanawasiya. Anatsimikiza za shuga, anawatsuka bala, anawapatsa mapiritsi. Koma kunyumba ankandiyankhula zokhazo zofunika, za madzi ndi nkhuni. Madzulo alionse, dzuwa lisanalowe kuseri kwa phiri, ndinkatenga beseni, n'kuyesa madzi ndi chigongono changa monga anandiphunzitsira, n'kuliika patsogolo pawo pakhonde. Iwo ankabisa mapazi m'chitenje n'kumayang'ana nkhuku. Ine ndinkakhala pomwepo mpaka madzi azizire, n'kukawataya. Sindikumbukira kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Tsiku lina, osandiyang'ana, anatulutsa phazi limodzi n'kuliika pamiyendo panga. Anati ndili wamng'ono ankandichotsa matekenya ndi phini pakhonde lomwelo, ine n'kumalira popanda mawu, ndiye bola ndibweze. Phazilo linali lolemera, louma, long'aluka m'chidendene. Ndinaliyang'ana ponseponse, ndinalipukuta pakati pa zala, ndipo iwo ankangoyang'ana manja anga kuti adziwe pamene ndagwira.

Amalume anabwera mwezi usanathe. Anakhala pampando pakhonde, ananena zonse zimene tinkayembekezera: kuti ku Blantyre chipatala chili pafupi, kuti munda wawakwana, kuti za mtsikanayu akambirana ndi achibale. Agogo anawasiya amalize. Kenako anandiuza kuti ndibweretse beseni, ngakhale nthawi yake inali isanakwane. Ndinachita zonse monga mwa masiku onse, amalume akuonerera. Nditatanyula zala pamene panali bala lija, amalume anayang'ana kumbali.

"Kumeneko adzagwire mapazi awa ndani tsiku ndi tsiku?" anafunsa agogo. "Iwe umachoka kukadali mdima. Mkazi wako ndi mpongozi wanga, ndingamuikire phazi pamiyendo? Mapazi awa akuti akufuna maso, ndipo maso ake ndi a mwanayu."

Amalume ananyamuka m'mawa mwake okha, ndipo patapita milungu anatumiza nsapato zansalu zotseka, zazikulu pang'ono, zimene agogo ankazinyoza kuti n'za mlonda koma ankavala.

M'madzi agogo sanalowenso. Ichi n'chimene ndinawalanda, ndipo sindinamizira kuti sichinawapweteke. Nyengo yowokera ikafika ankakhala pamtunda m'mbali mwa puloti, atavala nsapato zawo, ine ndili m'matope ndi amayi amene tinkathandizana nawo. Ankandifunsa kuti phazi langa likuti chiyani, ine n'kunena kuti apsa, iwo n'kupukusa mutu kuti phazi la mwana wa sukulu silidziwa kanthu. Nthawi zina ndinkawapeza atayang'anitsitsa madzi, zala za m'manja zikuyenda zokha ngati zikugawa mbande. Kumva sikunabwerere. M'zaka zotsatira dzanzi linakwera pang'ono ndi pang'ono. Anthu a kafukufuku anabweranso kudzawayeza, ndipo ulendo umenewo agogo anandiuza okha kuti ndikadikire panja.

Tinakhala limodzi mpaka ndinamaliza sukulu n'kuyamba kuphunzitsa ana chakufupi ndi Malosa, kumene ndinkapita pa njinga n'kubwerera dzuwa lisanalowe chifukwa cha beseni lija. Anamwalira ndi chibayo m'nyengo yozizira, m'nyumba yawo. Amayi amene anasambitsa thupi anali anzawo a m'chigwirizano, ndipo mmodzi wa iwo, amene mchemwali wake anadulidwa mwendo chifukwa cha matenda omwewo, atatuluka anandikokera pambali. Anandiuza kuti mapazi onse awiri anali athunthu, zala zonse, popanda bala ngakhale limodzi.