Dzina limene ndinaitana m'madzi

Ena ndikawauza nkhaniyi amati ndikuwonjezera, koma chipsera cha chingwe chili padzanja langa mpaka lero, ndipo amene anaona ndi maso akadali moyo kwathu kuno ku Chintheche. Za ng'ona ndimafotokoza mosavuta. Chimene chimandilemera ndi mawu amene anatuluka pakamwa panga.

Amuna anga anali msodzi wa usipa, ndipo pakhomo pathu woyambitsa pemphero anali iwo, ine yanga inali Ameni basi. Atamwalira sindinasiye kupita kutchalitchi, yunifolomu ya amayi a mpingo ndinkavala, nyimbo ndinkaimba, moti anthu ankanditama kuti ndine wolimba mtima. Koma kunyumba maondo anga sankagunda pansi. Sikuti ndinakangana ndi Mulungu ayi, kungoti ndinalibe naye mawu. Ndikadzuka m'mawa ndinkalankhula ndi malemuwo, kuwauza kuti denga likudontha, kuti anyani atha chinangwa kumunda, kuti mwana wathu wa ku Mzuzu sakuimba foni. Akanandiletsa ndani poti m'nyumbamo ndinali ndekha?

Tsiku lina mvula itangoleka, tinapita kukavuula chinangwa chimene tinaviika m'matumba pakati pa bango, pamene mtsinje umathira m'nyanja. Ndinali ndi mlamu wanga, mlongo wa malemuwo, komanso apongozi anga, amene anakhala kumtunda akusenda chinangwa china choti tiviike. Dzuwa linali litakwera ndithu. Ndinalowa m'madzi ofika m'chiuno n'kukulunga chingwe cha thumba padzanja kuti ndikoke bwino, monga timachitira tonse.

Thumbalo linakana kubwera, ine n'kumayesa kuti lakodwa pamuzu. Kenako linayamba kundikoka ineyo. Ndinaona msana wokakala ukutuluka pamwamba pa madzi, mchira n'kumenya mpaka bango kugwedezeka. Ng'ona inadzera mwendo wanga koma inaluma thumba, ndipo chingwe chija chinali chitandimanga nayo pamodzi. Miyendo inachoka pansi, madzi anandilowa m'mphuno.

Munthu wovala yunifolomu ya mpingo amaitana ndani pa nthawi yotere? Ine ndinaitana amuna anga. Ndiponso sindinati bambo a ujeni monga mkazi amaitanira mwamuna wake, ndinakuwa dzina lawo lenileni la paubwana, limene chikwatiwire sindinalitchulepo pagulu, mobwerezabwereza, mayi awo owabereka akumva. Dzina la Yesu silinandifike n'komwe m'mutu.

Mlamu wanga anandigwira m'chiuno, akukokera kumtunda kwinaku akuitana Chiuta m'Chitonga mosalekeza. Apongozi, okalamba choncho, analowa m'madzi ndi mpeni wosendera n'kudula chingwe. Ng'ona inapita ndi thumba, ife atatu tinagwera m'matope.

Titapezako mpweya, mlamu wanga anayamba kuseka misozi ili mbwe, n'kundifunsa kuti ndimaitaniranji munthu amene ali moyo ankathawa ng'azi, akanabwera kudzatani? Apongozi sanaseke. Tili m'njira anandiuza motsitsa mawu kuti dzinalo anamupatsa ndiwo, ndipo iwonso analiitana kumanda mpaka mawu kusasa, koma mwana wawo sanayankhe. Anati ndimuleke apume, ntchito ya Mulungu ndisamusenzetse.

Lamulungu lotsatira ndiye ndinafuna nthaka inditsegukire. Nkhani inali itafika kutchalitchi itasintha, akuti mayi wamasiye wapulumuka chifukwa ndi munthu wa mapemphero. Akuluampingo anandiimiritsa kutsogolo kuti nditsogolere pemphero lothokoza. Ndinatseka maso, ndinatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Anthu ankayesa kuti ndagwidwa ndi chisoni, mpaka apongozi anayambitsa nyimbo kuti andibise.

M'mawa mwake apongoziwo anagogoda pakhomo panga ndisanasese n'komwe. Sanandidzudzule, anangogwada pamphasa n'kundiuza kuti zimene ndimauza mwana wawo ndiuze Mwini wake, ngakhale za denga zomwezo. Ndinayamba ngati mwana wophunzira kulankhula, mawu awiri atatu, manyazi ali tho. Anabwera choncho m'mawa uliwonse kufikira pamene ndinazolowera kugwada ndekha.

Sukulu sindinapite nayo patali, koma chimene ndikukhulupirira ndi ichi: pemphero la tsiku ndi tsiku limaphunzitsa lilime kumene lingathawire. Zoopsa zikafika munthu sasankha mawu, amatuluka okha amene anawazolowera. Mulungu anandichitira chifundo pa pemphero la mlamu wanga, langa panalibe.

Inu amene mwaika maliro posachedwa, lirani, palibe wokuletsani, inenso amuna anga ndimawasowa. Koma musalole kuti m'mawa mudutse osalankhula ndi Mulungu, ngakhale mawu atakhala ochepa ndi ouma. Si tsiku lililonse pamene pambali panu padzakhala munthu wokupemphererani.