Mapazi Adzanzi ndi Mbale ya Mgonero

Ine ndinakula ndikukhulupirira kuti mavitamini ndi za kusikelo, za ana owonda ndi amayi oyembekezera. Mwamuna wamimba ngati yangayi, yomwe lamba anaigonjera kalekale, ndinkati angasowe nzeru koma osati vitamini. Sukulu ndinalekeza panjira, ndiye musandiweruze kwambiri.

Zinayamba ndi dzanzi kumapazi. Poyamba ngati nyerere zikuyenda kuzala, kenako ngati ndavala masokosi awiri pomwe sindinavale ndi imodzi yomwe. Tsiku lina ndinapita kumsika wa Chilobwe kukagula tomato, ndinabwerako ndi patapata imodzi. Inayo inavuka panjira, phazi osandiuza. Akazi anga anayang'ana mapaziwo, nkuyang'ana ine, nkulandira tomato.

Kutchalitchi kwathu ndine mkulu wa mpingo, ndipo pa mgonero ndinkanyamula mbale ya timakapu ta vinyo. Musaione ngati ntchito yaing'ono. Ndinali mesenjala m'tauni zaka zonse, ndikukwera masitepe ndi tiyi wa mabwana osataya dontho. Chipumireni pantchito, mbale imeneyi ndi yokhayo imene inkandivalitsa jekete anthu nkundipatsa njira.

Lamulungu lina abusa anati tiimirire, titsinzine, atidalitse. Ndinatsinzina. Pansi panachoka. Ndinapendekera pa mlembi wa mpingo amene anaima pambali panga, tonse awiri mpaka pabenchi, khu.

Mpingo wathu sitigwa. Kugwa nkwa matchalitchi a m'matenti. Choncho anthu anagawikana: ena ankati ndayamba kupita kwa aneneri mobisa, ena ankati ndi kachasu. A kachasu anali ambiri, chifukwa ulendo wa patapata imodzi uja unaonedwa, komanso kukayamba kuda ndinkayenda chodzandira.

Pakati pa sabata mlembi uja anabwera ndi mkulu wina, akuti kudzandizonda. Mipando inalipo yambiri, koma mlembi anadzakhala mondipanikiza, mphuno ili pantchito.

"Bambo, m'thupi muli bwanji?"

"Muli bwino, achimwene. Nunkhizani ndithu, mbali inayi simunafikeko."

"Sitinabwerere zimenezo."

"Ndiye sunthani pang'ono, mwandikhalira malaya."

Anasuntha, ndipo ananena chimene anabwerera: mbale ndisanyamulenso mpaka nkhani yanga ikambidwe kuseshoni ya akulu. Ndinawaperekeza mpaka pageti ndikuseka. Pobwerera m'nyumba kuseka kunali kutatsala pageti pomwepo.

M'mawa mwake akazi anga sanandifunse maganizo. Anandikweza minibasi, tinatsika pa Ginnery Corner, ulendo wa kuchipatala. Adokotala anali mtsikana wamsinkhu wa mdzukulu wanga. Anamenya kachitsulo nkukaika pakakolo panga kakunjenjemera.

"Agogo, mukukamva?"

"Ndi makutu, ee."

"Imirirani, mapazi pamodzi, mutsinzine."

"Adokotala, zimenezo nzimene zandibweretsa kuno."

"Tsinzinani."

Ndinatsinzina. Mwamwayi akazi anga anali ataima kale kumbuyo.

Ananditenga magazi. Titabwerera kukamva zotsatira, anati vitamini wina wotchedwa B12 watsika kwambiri. Mitsempha ya kumapazi, iwo anatero, ndi imene imauza mutu kuti pansi pali apa. Yanga inali itafooka chifukwa chosowa vitamini ameneyu, ndiye maso ndi amene ankagwira ganyu yake. Ndikatsinzina, palibe wotsala pantchito.

"Koma ine ndimadya. Taonani mimbayi."

"Ndaiona ikulowa pakhomo musanalowe inu. Chakudya chikufika, agogo, koma mimba ikakalamba nthawi zina imaleka kuyamwa vitamini ameneyu."

Ndinati ndiye ndikagule botolo lija amagulitsa ku Limbe, lija akuti limachiza msana, shuga ndi kuiwalaiwala. Anati ndisavutike, zanga ndi jakisoni: pafupipafupi poyamba, kenako mwezi ndi mwezi, mwina moyo wonse. Mitsempha imachira mwaulesi, ndipo pena siichira yonse. Anawonjeza kuti popemphera choimirira maso ndizitsegula.

Jakisoniyo ndi wofiira. Ndinafunsa anamwino ngati ndi magazi a munthu wina, kuti ndidziwe mtundu umene ndikulowa. Anati nditsitse buluku, pamzere pali anthu.

Kupemphera chopenya ndi sukulu ina. Zaka zonsezi ndinkayesa kuti abusa akati titsinzine, mpingo wonse umatsinzina. Ayi. Pali okonza duku, pali oyang'ana foni pansi pa buku la nyimbo, pali otsina ana. Ndipo pambali panga mlembi, maso ali tong'o, kudikira kuti ndigwe liti. Tinayang'anizana mpaka ameni. Lamulungu lotsatira chimodzimodzi. Tinazolowerana.

Kuseshoni ndinafotokoza zonse, za mitsempha ndi za jakisoni wofiira.

"Vitamini?" anatero mlembi. "Munthu wamkulu ngati inu?"

"Nanenso ndinadabwa, achimwene. Koma abusa, ngati mukufuna mboni yoti sindikugwanso, funsani alembiwa. Pemphero lonse amakhala akundiyang'anira. Sanaphonyepo."

Abusa anatsokomola nthawi yaitali ndithu. Nkhani ya kachasu inathera pomwepo, ndipo anati pa mgonero wotsatira ndidzatumikira.

Miyezi inapita, mapazi nkumabwerera pang'onopang'ono. Nyerere zinasamuka, pa masokosi awiri aja panatsala imodzi yopyapyala. Koma dzanzi lija linali litafikanso m'manja, ndipo nsonga za zala zake zinali zikadali ngati zobwereka. Batani la shati ndinkalimbana nalo ngati tinayambana. Zimenezi sindinauze munthu.

Tsiku la mgonero ndinavala jekete, ndinaima kutsogolo, ndinatambasula manja. Abusa anadumpha timakapu nkundipatsa mbale ya buledi. Timakapu anapatsa mkulu wina amene tiyi sananyamulepo chibadwire. Ndinayenda ndi bulediyo mzere ndi mzere, osadzandira, nkhope yachiyero, mumtima ndikusula mawu oti ndikamuuze mlembi.

Mawuwo ndinayamba kuwayeserera kunyumba usiku umenewo titatha kudya. Ndinati munthu ameneyu ndi wanjiru, kachasu wamukanika ndiye wandilanda vinyo mwanjira ina. Akazi anga ankapukuta mbale, osatembenuka.

"Alembi asiyeni, bambo. Amene anakapempha abusa kuti akupatseni buledi ndine. Mabatani anu ndimawaona m'mawa uliwonse. Buledi akagwa timatola. Vinyo akatayikira pamabulauzi oyera a amayi onse aja, mukuganiza kuti wochapa akhala ndani? Zala zikabwerera mudzandiuze, ndidzapitanso kwa abusa."