Timathovu m'paipi ya galimoto ya mkamwini

Mwaswera bwanji ana anga, ndine gogo wanu kuno ku Chapananga, akundilembera ndi mayi a Tereza.

Paja mawa ndi tsiku londichotsa ng'ala kuchipatala cha ku boma. Ndiye m'mawa uno galimoto ya mkamwini wanga, bambo a Tereza, yakana kulira. Akaliza, imangotsokomola ngati mbuzi yotsamwa gaga, kenako zii.

Anaitana makaniko, a Fombe. Iwo sanathamangire kumasula pampu ya dizilo ayi. Anachotsa paipi yakuda yolowa m'pampumo, n'kuikapo yoonekera mkati, n'kuyamba kupopa ndi dzanja. Akuti, "Gogo, tabwerani ndi diso lanu labwinolo."

Ine kusuzumira, ndaona timathovu tikuyenda pamzere m'dizilomo, ngati pamene mlamba wabisala m'matope. Akuti umenewo ndi mpweya, pampu ikumwa mphepo m'malo mwa mafuta.

Atalondola paipi yonse, apeza polumikiza pamene mkamwini anamanga ndi mphira ya chubu cha njinga chaka chatha. Dizilo waidya mphirayo, yafewa ngati phala, yabooka, mpweya ukulowera pomwepo. A Fombe akuti, "Achimwene, mumayesa mukumanga mtolo wa nkhuni?" Mkamwini amangokanda m'mutu.

A Fombe adula pobookapo, amanga ndi waya, galimoto yalira bwinobwino. Koma paipi yatsopano ili ku Nchalo, ndipo akuti sangalumbire kuti wayayo apirira mabampu a msewu wathuwu.

Tsono ndiuzeni, ndikwere galimoto yomweyi, kapena njinga yamoto ndi chiuno changachi? Tsikuli ndalidikira chikololereni mapira, sindifuna lindipitirire nditakhala pansi pa mtengo m'njira.