Ndinalamineta Chithunzi cha Malemu Bambo Kamanga

Ndinaononga chinthu cha mwini ndi manja angawa, ndili wotsimikiza kuti ndikuthandiza. Inu owerenga, makamaka amene mumatamidwa kuti muli ndi luso la manja, imvani zimene zinandichitikira.

Ndimakhala kunja kwa dziko lathu, m'tauni ya Rockingham, ndipo ndimakonza makina pa fakitale ina ku Kwinana. Kumpingo kwathu, mpope ukadontha kapena chitseko chikakana kutsekeka, amaimbira ine. N'chifukwa chake Mayi Kamanga, mayi wamasiye amene timapemphera naye limodzi, anandisiyira makiyi a nyumba yawo popita ku Lilongwe kukamanga chiliza cha amuna awo. Anangondipempha kuthirira maluwa ndi kutulutsa mabini a zinyalala.

Pabalaza pawo panali chithunzi cha mzimayi akusita zovala, cha mizere yakuda yokhayokha ngati ya makala. Malemu Bambo Kamanga, omwe ankaphunzitsa Chifalansa ku yunivesite ya ku Crawley, ankachikonda kwabasi. Ndinawamvapo akuuza alendo kuti anachijambula ndi katswiri wina wa ku France, mmodzi wa gulu lomwe linkasekedwa poyamba chifukwa chojambula kuwala kwa dzuwa ndi anthu wamba m'malo mwa mafumu. Ankati zojambula zake zinkakanidwa ali wachinyamata, anthu n'kudzamulemekeza atamera imvi. Chithunzicho ankachitchula kuti lithogirafu: amajambula pamwala ndi choko chamafuta, n'kupaka inki, n'kudinda mapepala owerengeka chabe. Ine ndinkangogwedeza mutu. Mumtima ndinkati chodinda n'chodinda basi, ngati kalendala.

Sabata yachiwiri ndinapeza chithunzicho chitagwa, msomali utazuka, galasi litasweka. Pepalalo silinang'ambike, koma m'mbali munali mutachita chikasu. Ndikanatha kuwatumizira uthenga mayiwo, koma ndinati anthu ali pa mwambo wa chiliza, ndiwavutitsirenji ndi kanthu kakang'ono?

Masatifiketi anga onse ndinawalamineta kalekale, kuwamata m'pulasitiki ndi makina otentha, ndipo sanagwidwepo ndi chinyezi kapena njenjete. Makina ake ndili nawo kunyumba. Pepala lija linali lalikulu pang'ono, ndiye ndinadula m'mbali mwachikasumo, pamodzi ndi timalemba ta pensulo timene ndinkayesa ta wogulitsa. Mkazi wanga anandifunsa ngati eni ake akudziwa. Ndinamuyankha kuti ntchito yabwino safunsira, akadzaona okha. Ndinalilowetsa pepalalo m'makinamo, linatuluka lonyezimira, lolimba. Ndinaliika mu felemu yatsopano, n'kukhoma ndi masikuluwu awiri.

Tsiku limene ndinakawatenga Mayi Kamanga ku eyapoti, ndinawalowetsa pabalaza monyadira. Anaima chikwama chili m'manja, kenako n'kuyandikira khoma.

"Bambo a Tadala, dzina lija lili kuti?"

Ndinafotokoza zonse mwatsatanetsatane, ngati ndikupereka lipoti kuntchito. Sanakalipe ayi. Anakhala pansi, n'kundiuza kuti timalemba tija linali dzina la wojambulayo, lolemba ndi dzanja lake. Amuna awo anapatsidwa chithunzicho ndi mphunzitsi wawo wokalamba atamaliza maphunziro ku France. Ndipo ali m'chipatala ananena kuti chidzaperekedwe kwa mwana wawo Thoko pa tsiku la ukwati wake. Ukwatiwo unali utatsala miyezi iwiri.

Mukudziwa, owerenga, ngakhale pamenepo mtima wodzikhulupirira sunandichoke. Ndinati pulasitiki imamatuka bwinobwino ukaitenthetsa ndi ayironi, andipatse tsiku limodzi lokha.

"Chonde, musachikhudzenso," anatero.

Tinapita nacho mutauni kwa mayi wina wodziwa kusamala zithunzi zakale. Anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kutiuza kuti guluu analowerera m'pepala, ndipo pomatula pulasitiki inki ikhoza kuchokera limodzi. Anati galasi losweka likanasinthidwa m'mawa umodzi, chikasu chija sichinali vuto n'komwe. Anafunsa ngati ndinasunga zidutswa zomwe ndinadula. Zinali zitapita kale ndi galimoto ya zinyalala.

Ndinapita ndi mkazi wanga kukapepesa kwa Mayi Kamanga, komanso kwa Thoko. Mtsikanayo anamvetsera Chichewa changa mpaka pamapeto, n'kundiyankha m'Chingerezi kuti achilandirabe, poti bambo ake anachigwirapo. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kutukwanidwa. Pa ukwati anachiperekadi, ine ndili pampando wakumbuyo, ndikuona pulasitiki yanga ikuthwanima pamaso pa anthu onse.

Mayi Kamanga anandikhululukira, timapatsana moni Lamlungu lililonse. Luso langa sindilikayikira, makina ndimawadziwa ndithu. Chimene ndinalakwa n'kuganiza kuti kudziwa makina n'kudziwa zonse.

Tsono inu anzanga, chinthu chakale cha mwini chikaonongeka chili m'manja mwanu, chiikeni pamalo abwino, muuze mwini wake, mudikire yankho. Musadule, musamate, musapukute. Ngati simukumvetsa chifukwa chimene munthu amachikondera chinthu, dziwani kuti si inu woyenera kuchikonza.