Chitsime cha Ababa ku Ndirande

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza maphunziro inali yonyamula mabotolo. Pa pepala ankanditchula wothandizira kafukufuku, koma zoona zake ndinali mtsikana woyenda ndi bokosi loziziritsa, lothyoka chogwirira mbali imodzi. Munali m'zaka za m'ma 2000. Mipopi ya mu Blantyre inkatha kuuma masiku atatu, anayi, ndipo anthu ambiri m'makomboni anali atabwerera kuzitsime. Aphunzitsi anga akale, adokotala a za miyala ndi madzi a pansi pa nthaka, anapeza thandizo loti ayeze madzi a zitsime zimenezo ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Chilomoni. Ananditenga chifukwa ndinali mwana wa ku Ndirande, wodziwa tinjira tonse tolowera kuseri kwa nyumba za anthu.

Ntchitoyo sinali yovuta. Ukafika pa chitsime umapereka moni, kufotokoza chimene wabwerera, kutsitsa chingwe, kudzaza botolo, kulembapo nambala. Dzina la mwini chitsime sitinkalemba. Ku labu madzi aja tinkawasefa pa kapepala koyera, kapepalako n'kukaika m'kambale, kambaleko n'kukatsekera m'kabati yofunda. Kukacha umawerenga timadontho tachikasu tomera pa kapepalapo. Kadontho kalikonse ndi mulu wa tizilombo tochokera m'mimba mwa munthu kapena nyama. Madzi akakhala abwino, kapepala kamatsala koyera.

Chimodzi mwa zitsime zimene adokotala anasankha chinali cha bambo anga.

Ababa anachoka ku Nsanje ali mnyamata kudzasaka ntchito m'tauni, ndipo anakhala mmisiri womanga nyumba. Chitsime cha pakhomo pathu, kumunsi kwa phiri, anakumba okha ine ndisanabadwe. Anachimangira njerwa zowotcha kuyambira pansi mpaka pamwamba, zoyalana bwino moti amisiri anzawo ankabwera kudzasuzumira. Madzi sankagulitsa. Ankati kwawo munthu wopempha madzi sabwezedwa. Mipopi ikauma, bwalo lathu linkadzaza ndowa, mabigiri ndi zigubu zachikasu, iwo atakhala pa khonde, kulonjera aliyense ndi kufunsa za ana. Msana unali utawaletsa kukwera makwerero, amayi anali atamwalira, ndiye macheza awo anali amenewo.

Tsiku lokatunga madzi kwathu anavala jekete lawo la kutchalitchi. Anandilanda chingwe n'kutunga okha, kenako anadzaza kapu n'kupatsa adokotala.

“Mumwe kaye, mumve,” anatero. “Za makina zibwere pambuyo.”

“Zikomo bambo, ndangomwa kumene,” anayankha adokotala, akuyang'ana kumbali.

Kutacha ndinatsegula kabati ku labu. Kambale kathu kanali kachikasu konse, timadontho titagundana moti sitinkawerengeka. Ndinaganiza kuti ndalakwitsa ineyo, mwina botolo silinali loyera. Ndinakatunganso sabata yotsatira, n'kukatunganso mvula itagwa. Zinali chimodzimodzi.

Ndinapita kwa adokotala ndi kambale m'manja. “Nambala iyi ndi kwathu,” ndinawauza.

“Ndikudziwa, pepani,” anatero. “Koma eni zitsime tidzawauza tikamaliza kuyeza dzinja ndi chilimwe chomwe. Tikawauza pano asintha kachitidwe kawo, zotsatira zathu zisokonekera. Komanso zimayenera kudzera kwa akuluakulu a zaumoyo.”

“Ndiye azimwabe, kuti zotsatira zituluke bwino?”

Anavula magalasi n'kupukuta maso. Sanali munthu woipa, ndipo zimenezo zinkandikwiyitsa kwambiri chifukwa ndinalibe powada. “Chitsime chimodzi mutha kuchitseka lero,” anatero. “Lipoti labwino litha kubweretsa mapaipi ku Ndirande yense. Pirirani.”

Sindinapirire. Lamulungu lotsatira, titabwera ku Misa, ndinakhala pa khonde pafupi ndi Ababa n'kuwauza zonse.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati, “Iwe wakula ndi madzi amenewa. Wafa?”

“Sindinafe, Ababa, koma kutsegula m'mimba kuja ndinkadwala dzinja lililonse...”

“Mwana aliyense amatsegula m'mimba. Ndi mango.”

“Si mango. M'madzimo muli zochokera m'chimbudzi.”

Mawu amenewo ndinawasankha molakwika. Anaimirira, n'kuyamba kulankhula Chisena, chimene ankalankhula akakwiya kapena akamapemphera okha. Anandiuza kuti sukulu yandiphunzitsa kunyansidwa ndi kwathu, kuti anthu a dera lonse amwa pamenepo zaka ndi zaka, kuti ngakhale abambo mfumu anamwapo tsiku limene anadzadalitsa nyumba.

Ndinaganiza kuti akaona ndi maso akhulupirira. Ndinamata kambale kamodzi ndi selotepu, ngakhale zinali zoletsedwa, n'kubwera nako kunyumba. Anakayang'ana padzuwa, kukatembenuza uku ndi uku, n'kundibwezera.

“Buledi ukamutsekera m'kabati yofunda amameranso zoterezi,” anatero. “Kodi buledi amachokera m'chimbudzi?”

Iwo anaona ngati apambana.

Popeza Ababa anandikanika, mkwiyo wanga unasaka pena potera. Kumtunda kwa mpanda wathu kunkakhala mayi wina wa ku Mulanje, wa mphakati umodzi ndi Ababa kutchalitchi, amene anali ndi zipinda zochititsa lendi. Chimbudzi chawo, cha mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi, chinali pafupi ndi mpanda, chitsime chathu chili kumunsi kwake. Kwa ine nkhani inali yatha. Ndinapitako Loweruka m'mawa, iwo akuchapa, alendi awo ali pomwepo, n'kunena kuti chimbudzi chawo chikudwalitsa anthu.

Anatulutsa manja m'beseni n'kuwapukutira pa chitenje. “Ndiye ndikakumbe kuti, mwanawe? Poloti yathera pomwepa. Kapena ndiwauze anthuwa azikadzithandiza ku labu kwanuko?”

Alendi anaseka. Ine ndinabwerera kwathu. Kuyambira tsiku limenelo mayi aja anasiya kutunga kwathu, anasiyanso kulonjera Ababa, anthu amene anakhala akuimbira limodzi pa maliro kwa zaka zambiri.

Chimene chinawatembenuza Ababa si kambale kanga ayi. Ndinawaonetsa chithunzi cha m'buku la kuntchito, cha chitsime chotetezedwa bwino: khoma lokwera kufika m'chiuno, simenti yozungulira yotsetsereka, ngalande yotaya madzi kutali, chivundikiro, ndowa imodzi yokha yotungira. Anachiyang'ana nthawi yaitali.

“Amene anamanga ichi sadziwa kuyala njerwa,” anatero. “Ndipatse ndikuonetse.”

Anagwira ntchito imeneyo masabata atatu, ndi msana wawo womwewo. Ankagwada pa thumba, kudzuka atagwira khoma, osalola munthu kukhudza chipande chawo chomatira. Itatha inali yokongola kuposa ya m'buku muja. Ndinathiramo klorini, anthu n'kudandaula kuti tiyi akununkha chipatala. Patapita masiku ndinakayeza. Kapepala kanatuluka koyera. Ndinathamanga nako kunyumba ngati ndapambana mayeso, ndipo Ababa anangoti, “Wamva tsopano?” ngati kuti maganizo onse anali awo.

Mvula inagwa masiku awiri. Ndinayezanso. Chikasu chija chinali chitabwerera chonse.

Ndinakawauza adokotala. Ananditenga pa galimoto ya ntchito mpaka kumtunda, kumene azimayi amaswa miyala yogulitsa, pamene phiri linagumulidwa n'kuoneka mkati mwake. Anandionetsa dothi la pamwamba, lochepa ngati chikhatho ndi theka. Pansi pake panali thanthwe, ndipo thanthwelo linali long'aluka paliponse, ming'alu ina yopingasa, ina yotsika. M'ming'alu ina munkatuluka madzi.

“Dothi likakhala lakuya limasefa,” anatero. “Kuno kulibe. Chimbudzi chikakumbidwa chimafika pa thanthwe, ndipo madzi akalowa m'mng'alu amangothamanga osasefedwa. Chitsime chanu sichikudwalira pakamwa, chikudwalira pansi.”

“Ndiye ndi chimbudzi cha aneba aja.”

“Mwina. Mwinanso ayi. Mng'alu suyendera malire a mapoloti.” Anatambasula dzanja kuloza kumunsi, kumene madenga a malata anathithikana kuchokera paphiri mpaka ku mtsinje wa Nasolo. “Chitha kukhala chilichonse mwa zimbudzi za nyumba izo. Kapena zonse.”

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze Ababa asanayambe kumanga. Anati sindinawafunse, komanso iwo eni anali kungoganizira, umboni unali usanakwane. Zinali zoona. Ulendo wonse wobwerera ndinkaganiza za mayi amene ndinawachititsa manyazi pamaso pa alendi awo, ndi za munthu wokalamba wogwada pa thumba la simenti.

Ababa ndinawapeza akusesa pa simenti yawo yatsopano. Ndinawafotokozera za thanthwe ndi ming'alu. Apa sanatsutse, chifukwa thanthwelo ankalidziwa. Analiswa okha ndi chitsulo pokumba, ndipo anaona madzi akutuluka m'mng'alu tsiku limene chitsime chinabadwa.

“Ndiye pamene unkandiuza kuti ndimange, unkadziwa chiyani?” anafunsa.

“Ndinkadziwa kuti madziwa ndi oipa.”

“Kuti ndi oipa basi? Chochita ayi?”

“Ndinkayesa kuti ndikudziwa.”

Anatsamiritsa tsache pa khoma lija n'kulowa m'nyumba. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira.

Kafukufuku anatha chaka chotsatira. Lipoti linatuluka lonenepa, la Chingerezi, la mapu a mitundu yokongola, ndipo dzina langa linali m'munsi mwa tsamba lothokoza. Analiulutsira ku hotela ina m'tauni. Kunabwera mabwana ovala masuti, tinadya masamusa, patebulo lililonse pali madzi a m'botolo. Adokotala analankhula bwino kwambiri. Ananena mosabisa kuti zitsime zambiri zimene tinayeza sizoyenera kumwa, kuti kuzimangira pamwamba sikungathandize pa nthaka yotere, kuti chofunika ndi mapaipi ndi makiyosiki okhala ndi madzi tsiku lililonse. Anthu anaomba m'manja. Bwana wina anaimirira n'kuthokoza, nati zimenezi zikuonetsa kuti pakufunika kafukufuku wina wozama. Mwini chitsime ngakhale mmodzi munalibe m'chipindamo. Nditafunsa, anandiuza kuti kuitana eni zitsime sikunali pa pulogalamu.

Ndinaganiza zochita ndekha. Ndinapempha mpata pa msonkhano wa mphakati wathu, umene unkachitikira pakhomo pa munthu wina Lachinayi madzulo. Titatha kuwerenga Uthenga Wabwino anandipatsa mphindi zochepa. Ndinajambula phiri pa katoni, ming'alu, zimbudzi, zitsime. Ndinalankhula Chinyanja chosavuta, chopanda mawu a ku labu. Anamvetsa onse, ndinaona m'maso mwawo.

Mayi wina wachikulire anati, “Tamva, mwana wathu. Ndiye titunge kuti?”

Ndinati ku kiyosiki. Anandikumbutsa kuti kiyosiki yauma kuyambira Lolemba. Ndinati aziwiritsa. Wina anati makala ophikira okha sakukwana, nanga owiritsira madzi a anthu asanu ndi atatu achokera kuti. Ndinati klorini. Anati amapezeka kukabuka kolera, kolera ikatha nayenso watha. Wina anafunsa ngati madzi a mu Nasolo ali bwinoko, anthu n'kuseka, chifukwa aliyense ankadziwa zimene zimayandama mu Nasolo. Ndinaima pamenepo ndi katoni yanga, zaka zonse za sukulu zili m'mutu, ndilibe yankho limene sanaliyese kale.

Mayi a ku Mulanje aja analipo. Pobalalika ndinawatsatira n'kupepesa, ndinati mwina sichinali chimbudzi chawo. Anati, “Zinatha,” osandiyang'ana. Kwathu sanadzatungenso mpaka anasamuka.

Ababa chitsime sanatseke. Ndinawapempha kangapo, iwo n'kumandifunsa funso lomwe lija la ku mphakati. Koma anayamba chinthu china. Aliyense wobwera ndi ndowa ankamuimitsa kaye pa khonde. “Mwana wanga wayeza, akuti madziwa ali ndi tizilombo,” ankatero. “Tungani, koma mwamva.” Anthu ankayankha kuti zikomo, tamva, n'kutunga. Iwo eni anayamba kumwa owiritsa, koma ankati ndi chifukwa cha mano.

Ine ndinakhalabe ku labu zaka zambiri pambuyo pake. Ndinakwezedwa, ndinasiya kuyenda ndi bokosi, ndinayamba kulandira mabotolo otungidwa ndi ena. Mapaipi anafikadi mbali zina, makiyosiki anawonjezeka, ndipo sindinganame kuti palibe chinasintha. Koma magetsi akavuta, kapena paipi yaikulu ikaphulika, phiri lonse linkauma monga kale.

Tsiku lina la Okutobala, m'zaka za m'ma 2010, ndinapita kukaona Ababa madzi atasowa sabata yathunthu. Bwalo linali lodzaza mpaka kunja kwa geti. Mayi wina wachitsikana, wachilendo m'deralo, mwana ali kumbuyo wina atamugwira chitenje, anamva chenjezo la Ababa n'kutembenukira kwa ine.

“Ndinu oyeza aja, asisi? Ndiuzeni zoona, anawa amwe kapena asamwe?”

“Muziwiritsa kaye,” ndinatero.

“Chabwino,” anayankha. Chinali chabwino chija munthu amanena pofuna kuti nkhani ithe.

Bigiri lake linali lodzaza ndiponso lolemera, ndipo panalibe wina pafupi womuthandiza. Anaika nkhata pamutu n'kundiyang'ana. Ndinawerama, ndinagwira mbali imodzi, ndinamusenzetsa.