Mawu a mbava omwe agogo achiyuda anandiphunzitsa

Ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a unamwino ku Nairobi, ananditumiza pa chipatala china ku Parklands. M'wodi yathu munagonekedwa agogo ena achiyuda omwe anathyoka m'chiuno. Anabadwira ku Amsterdam, koma ku Kenya anabwera ali mtsikana, ndipo Chiswahili ankachilankhula kundiposa kutali.

M'mawa wina ndikuwapukuta kumsana anandifunsa, "Kodi mu bayes muno mudzanditulutsa liti?"

Ndinkayesa ndi Chiswahili china chomwe sindinachimvepo. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndi ndende, mwana wanga. Koma m'Chiyidishi, chinenero cha mayi anga, bayis ndi nyumba. Mbava za ku Amsterdam zinatenga mawuwo kuti apolisi asamamve zomwe zikukambirana. Nyumba yathu n'kusanduka ndende."

Anati mayi awo akamva mawuwo m'kamwa mwa anthu a mumsewu ankatseka zenera.

Kuyambira tsikulo ankandipatsa mawu amodzi nthawi iliyonse ndikabwera ndi mankhwala. Ganef ndi mbala, komabe bambo awo ankawaitana choncho akawapeza akunyambita shuga kukhitchini, uku akuwapsopsona pamphumi. Ine ndinawauza kuti kwathu ku Ndirande bambo anga ankatiletsa kunena "aise", ati ndi malankhulidwe a pa depoti, koma lero ngakhale abusa athu amatero. Zinawasangalatsa moti tsiku lonse ankandiitana aise.

Chakudya cha m'chipatala sankachifuna. Nditawapempha adokotala anandilola kuwabweretsera ndazi limodzi, mandasi a kumeneko, koma agogowo sindinawauze kuti ndaloledwa. Ankalibisa pansi pa bulangete, maso ali pakhomo.

"Tsopano ndiwe gabber wanga," anandinong'oneza. Anati mawuwo poyamba anali khaver, kutanthauza bwenzi. Kenaka anatanthauza mnzako woba naye, ndipo pano achinyamata a ku Amsterdam amangoitanirana paubwenzi ngati mmene zinalili kale.

Atatuluka, mwana wawo wamkazi anawatengera kwawo ku Runda, mu Nairobi momwemo. Ndinkapitako Lamlungu ndikaweruka ku tchalitchi, pa minibasi zomwe amati matatu, kenaka wapansi. Patapita miyezi mutu unayamba kuwasokonekera. Chingerezi chinawathawa, Chiswahili chinatsatira, anatsala ndi Chiyidishi chokha, chomwe ngakhale mwana wawoyo sankachimva bwino.

Ulendo womaliza anandigwira dzanja n'kulankhula nthawi yaitali, akumwetulira. Sindinatolepo kanthu. Ndinkangovomera ndi mutu, ndikuwapesa tsitsi, mpaka anagona.